Paipi Yobooka ya ku Mpingwe

Mtsikanayo analowa mu ofesi yathu ya CID ku Limbe nsapato zili matope okhaokha, n'kuika kachidutswa ka paipi ya pulasitiki patebulo panga, pafupi penipeni ndi kapu yanga ya tiyi. Moni sanapereke. Ine anthu osapereka moni sindigwirizana nawo, koma nditamuyang'ana kumaso ndinaona kuti uyu sanabwere kudzacheza.

"Ndinu a Sajeni Bertha Makwinja?"

"Ndine. Nanga inu?"

"Mildred. Ndimayeza mpweya wa petulo m'nthaka. Ku Mpingwe kuli munthu akufuna kupha anthu."

Ndinasuntha kapu yanga. Pantchito yathu ino munthu akati "akufuna kupha", nthawi zambiri nkhani imakathera pa nkhuku yosowa. Ndinamuuza kuti akhale pansi, afotokoze ngati akuuza azakhali ake amene sanapite patali ndi sukulu.

Nkhani yake inali iyi. Panjira yopita ku Mpingwe panali malo omwetsera mafuta amene anatsekedwa kalekale. Matanki ake apansi anachita dzimbiri, petulo n'kumadontha mwakachetechete mpaka nthaka ya kuseri kwa mpanda inamwa n'kukhuta. Kuseri kwa mpandawo kuli nyumba za anthu. Mwini malowo, a Pravin, analemba kampani ina kuti ifukule matankiwo ndi kuchotsa dothi loipalo, ndipo Mildred anali wa kampani imeneyo. M'mabwalo a nyumba zija anakhomamo timapaipi tolowa pansi, tokhala ndi zivindikiro zachikasu. M'mawa uliwonse iye ankavundukula, kulumikiza kamakina kake, kamakinako n'kukoka mpweya wa pansi ndi kuonetsa nambala. Nambala ikakwera ndiye kuti pansipo mpweya wa petulo wadzaza, ndipo ukhoza kulowa m'nyumba kudzera m'ming'alu ya simenti.

"Ukalowa umatani?" ndinafunsa.

"Mutu, chizungulire, tulo tosatha. Ukachuluka, khala limodzi la moto likwanira kuphulitsa nyumba."

Apo ndinasiya kumwa tiyi.

"Paipi imene inkatisowetsa mtendere ndi ya kuseri kwa nyumba ya malemu a Sumaili, dalaivala wa mathiraki amene anamwalira mwezi watha. Chiyambire mvula, nambala yake inkangokwera. A zachilengedwe anati ikapanda kutsika sabata ino, banjalo lisamuke. Lachiwiri m'mawa inali pamwamba. Lachitatu, ziro."

"Si nkhani yabwino imeneyo?"

"Nthaka sichira tsiku limodzi, a Sajeni. Koma aliyense anasangalala, ndipo mawa bwana wanga asayina kuti nyumba ili bwino, anthu azikhalamo. Ine lero m'mawa ndakumba ndi manja pansi pa chivindikiro. Taonani."

Ndinainyamula paipiyo. Inali ndi timabowo tingapo, ndipo Mildred anati timabowoto tinali pansi pang'ono pa dothi, titakwiriridwa ndi timiyala. Kamakina kankangokoka mpweya wabwino wa kunja, uku petulo ali phee pansi pomwepo. M'mphepete mwa timabowoto munali mosungunuka ndi modetsedwa, ndipo pa kamodzi panamatirira kadontho kouma kangati utomoni. Ndinanunkhiza. Petulo analipo, koma kumbuyo kwake kunali kafungo kena kotsekemera. Sindinakazindikire, koma ndinakasunga m'mphuno.

"Mukuganizira ndani?"

"Amene akufuna ntchito ithe msanga. A Pravin, kapena kapitawo wathu, Pearson."

Ndinatenga chikwama changa. Tiyi anazizirira patebulo.

*

A Pravin ndinawapeza m'sitolo yawo ya hadiweya pakati pa Limbe, akukangana ndi kasitomala za malata. Ndi munthu wamfupi, wa imvi, wolankhula Chichewa chothamanga kuposa changa.

"Sajeni, khalani. Mildred wandiimbira kale, wanditukwana kale, ndiye inu musavutike, ingofunsani."

"Mukufuna ntchito ithe msanga?"

"Ndani safuna? Malo aja anali a bambo anga. Iwo anagulitsa petulo, ine ndikugula dothi. Koma Lachiwiri ndinali ku Lilongwe, ku ukwati wa mwana wa mchemwali wanga. Ndabwera dzulo. Zithunzi ndi izi, ine ndi amene ndikuvina moipayo."

Ndinayang'ana pafoni yawo. Analidi iwo, ndipo ankavinadi moipa.

"Mukanatha kutuma munthu."

"Ndikanatha, inde. Ndiye nyumba iphulike, dzina limene lili pa malowo ndi la ndani? Langa. Komanso Sumaili anayendetsa thiraki yathu zaka zambiri. Ana anga anawanyamulapo pamiyendo. Nyumba yoti banja lake likakhalemo ndinaipeza kale ku Kanjedza, makiyi ndi awa, ali m'dirowa chikhalire."

"Bwanji sanasamuke?"

"Ndinapita kukawauza. Mng'ono wa malemu, a Nasoro, anandilandira pakhonde bwinobwino, n'kundiuza kuti nkhani yosamuka si ya panopa."

"Chifukwa?"

A Pravin anatambasula manja.

"Kafunseni iwowo, Sajeni. Ine pakhomo paja ndimathera pakhonde."

*

Pachipata cha malo aja mlonda anandilanda foni, n'kundifunsa ngati ndili ndi machesi kapena laita. Ine wapolisi, kusechedwa ndi mlonda! Ndinangopirira. M'katimo munali dzenje lalikulu lofiira, thanki imodzi itagona pambali pake yodyeka ngati chitini chakale, ndipo fungo lake linkalowa mpaka m'mano.

Pearson, kapitawo, anatsika pa mulu wa dothi akupukuta manja pa ovolosi. Anali mnyamata wa thupi, wokonda kuseka asanayankhe.

"Madamu, Mildred ameneyu amangondida basi. Chilichonse chikalakwika, Pearson. Mvula ikagwa, Pearson."

"Lachiwiri madzulo munali kuti?"

"Kwathu ku Nancholi. Timaweruka limodzi ndi anyamata, minibasi imodzi mpaka m'tauni. Afunseni, ndinawalipirira ndine, sangaiwale."

Ndinamupatsa paipi ija. Anaitembenuza, kuseka kuja n'kutha.

"Aaa, koma uyu ndi msomali wotentha. Madamu, ine ndikanafuna kubera, dirilo ili apo, kungoti fyuu, basi zatha. Ndiotcherenji msomali? Ndipo ndiuotchera pati? Pano ukangopezeka ndi machesi, ntchito yatha tsiku lomwelo. Ngakhale a nyumba zakuserizi tinawaletsa kukoleza moto. Amaphikira tsidya la msewu, kwa anzawo, n'kumabweretsa chakudya m'mbale."

Mildred, amene anali pambali panga, sanatsutse. Ndinaona kuti zamuwawa kuti Pearson wanena zanzeru.

"M'nyumba mwa a Sumaili mumayezamo?" ndinafunsa.

"Tinkayezamo," anatero Mildred, akumuyang'ana Pearson ndi diso loipa. "Mpaka tsiku la maliro."

"Ndinaletsa ndine, sindikukana," anatero Pearson. "Lamulo lathu n'lakuti woyeza sayenda yekha, ndipo mnzake wa Mildred ndi mwamuna. A Nasoro anati mwamuna salowa m'nyumba muja panopa. Ndiye ndinati tisavutitse anamfedwa, paipi ya panja ikukwanira. Ndinalakwa kulemekeza maliro?"

Ine ndinali ndikuganiza za msomali. Paipi inali yokhomedwa pansi, sukanaizula n'kupita nayo kumoto. Moto ndi umene unayenera kubwera pafupi, chifukwa msomali suchedwa kuzizira. Ukauotchera tsidya la msewu, pofika nawo umakhala utazizira kale.

Penapake pafupi ndi paipi ija panali moto, pamalo pamene aliyense ankalumbira kuti palibe moto.

*

Nyumba ya malemu a Sumaili inali ya njerwa zootcha, yozunguliridwa ndi mpanda wa malata, geti limodzi kutsogolo. Mildred ananditengera kuseri n'kundionetsa dzenje limene anakumba. Linali pafupi kwambiri ndi khoma, pansi penipeni pa windo lotseka, lokhala ndi katani yochindikala.

"Ndani akudziwa kuti paipi ikabooka nambala imagwa?" ndinamufunsa.

"Ife a ntchito basi." Anaima kaye. "Lolemba ndinamukalipira mnzanga uja chifukwa sanamange bwino polumikizira. Ndinamuuza kuti mpweya wa kunja ukangolowa pang'ono, makina amanama kuti pansi pali bwino."

"Munamukalipira muli pati?"

"Pomwe pano."

"Mokweza?"

"Ine sinditha kukalipa motsitsa, a Sajeni."

Ndinayang'ana windo lija. Katani sinagwedezeke.

A Nasoro tinawapeza pakhonde lakutsogolo atakhala pa mpando wa ndalema, atavala mkanjo woyera ndi kofia. Anaimirira, kutipatsa moni mwaulemu, n'kutitulutsira mipando. Amalankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse kuliika pamalo pake.

"Achimwene anga anatisiya mwezi watha. Alamu anga, amayi Hajira, ali pa eda. Kwathu mkazi akaferedwa mwamuna amakhala m'nyumba ya mwamunayo miyezi inayi ndi masiku angapo. Satuluka kunja kwa mpanda, sadzikongoletsa, ndipo amuna amene si abale ake a magazi sakhala naye pamodzi. Ngakhale ine mlamu wawo ndimathera pano. Ndi chifukwa chake ndinawauza a Pravin kuti adikire."

"Anakuuzani kuti pansi pa nyumbayi pali mpweya woopsa?"

"Anandiuza. Ndinada nkhawa ndithu, ndipo ndinali n'cholinga chokafunsa kwa ashehe. Koma nditabwera kuulendo ndinamva kuti nambala yatsika. Ndinati Alhamdulillah, Mulungu watipeputsira."

"Ulendo wa kuti?"

"Inenso ndine dalaivala. Ndinanyamuka Lolemba madzulo kupita ku Mwanza, kuchipata cha m'malire, ndabwera dzulo. Mapepala a katundu ali m'thiraki."

"Geti limakhala lotseka?"

"Nthawi zonse. Kiyi wina ali ndi ine, wina ali ndi mwana wamkazi wa malemu. Iye amagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe. Amawatsekulira oyezawa m'mawa, akatha amakiya n'kumapita, kubwera ndi madzulo."

"Ndiye Lachiwiri masana pakhomo pano panali ndani?"

"Panalibe munthu."

"Panalibe munthu?"

"Eya. Alamu okha ndi kamdzukulu kawo, Aminatu. Khanda la miyezi yochepa."

Anthu inu! Munthu wamkulu, wanzeru zake, kunena kuti panalibe munthu, mayi wathunthu ali m'nyumba. Ndipo sanali yekha. A Pravin anathera pakhonde. Pearson anathera pakhonde. Aliyense ankakambirana za mayiyu pabwalo pake pomwe, koma panalibe anamufunsapo kanthu.

Kamphepo kanadutsa. Pansi pa chitseko panatuluka kafungo kotsekemera, kamene ndinakasunga m'mphuno kuchokera m'mawa. Tsopano ndinakadziwa. Anali lubani, utomoni uja amaufukiza pa makala.

Pa makala a moto.

Ndinavula nsapato.

"A Sajeni, ndanena kuti ali pa eda," anatero a Nasoro.

"Ndine mkazi, a Nasoro. Uyunso ndi mkazi. Mildred, yatsani makina anuwo."

*

M'chipindamo munali mdima. Mawindo onse anali otseka, ndipo utsi wa lubani unali utayandama m'mwamba. Amayi Hajira anali atakhala pamkeka, atafunda nsalu yopanda maluwa, tasibi, mikanda yopempherera ija, ili m'manja. Anali mayi wochepa thupi, maso ofiira. Pafupi ndi phazi lawo panali kambale kadothi, makala ali psuu m'katimo. Pambali pa kambaleko panagona msomali wautali wakuda kunsonga, wotakasira moto.

Moni ndinamuiwala nanenso. Ndinanyamula kambaleko ndi manja awiri, kakundiotcha, n'kuyenda nako pang'onopang'ono mpaka panja. Ndinawapatsa a Nasoro kuti akazimitsire kunja kwa geti. Pobwerera ndinapeza Mildred akutsekula mawindo, kamakina kake kakulira kale, ti-ti-ti.

Amayi Hajira sanasunthe. Anayang'ana paipi imene ndinaitulutsa m'chikwama, kenako anayang'ana ine.

"Mwabwera kudzanditenga, mwananga?"

"Ndabwera kudzafunsa, amayi. Mabowo awa munaboola ndinu?"

"Ndine." Sanazengereze n'komwe. "Ndinamumva mtsikanayu pawindo. Amalankhula momveka bwino. Lachiwiri onse atachoka ndinatuluka ndi kambale kanga, ndinakumba pang'ono ndi supuni. Sindinatuluke kunja kwa mpanda, ayi. Eda yanga sindinaiphwanye."

"Munkadziwa kuti ndi mlandu?"

"Ndinkadziwa kuti akufuna kunditulutsa. Tsiku lililonse pawindo pomwepa: nambala yakwera, asamuke, asamuke. Mwananga, bambo aja ndakhala nawo chiyambire ndili mtsikana. Akapita ku Beira ndinkawadikira, akapita ku Joni ndinkawadikira, m'nyumba yomwe ino. Ndiye ndilephere miyezi inayi yomalizayi? Akazi anzanga akumzikiti akanena chiyani, kuti Hajira anathawa m'nyumba manda asanaume?"

"Nanga fungo la petulo simulimva?"

"Ndimalimva. N'chifukwa chake ndimafukiza lubani."

Mildred anatulutsa kamawu ngati wapondedwa. Ine mtima unandiwawa, sindibisa. Ndakhala ndikugwira akuba ndi achiwembu, ndipo ndimagona tulo tabwino. Koma apa ndinali nditagwira mayi amene ankaphimba fungo la petulo ndi moto.

"Mutu sukupwetekani?"

"Umapweteka. Ndi chisoni."

"Mwana ali kuti?"

Analoza pakona. Aminatu anali atagona pa kamatiresi pansi, m'mbali mwa khoma, atafundidwa bwinobwino. Pomwepo simenti inali itang'ambika, mng'alu woti chala n'kulowa, kuchokera pakhoma mpaka pansi pa kamatiresiko.

"Ndi mwana wabwino," anatero agogo akewo, nkhope ikuwala koyamba. "Savuta. Kale ankalira mpaka anthu oyandikana nafe kudandaula, koma masiku ano wadziwa kuti pakhomo pali maliro. Amangogona. Ngakhale phala timachita kumudzutsa."

Mildred anagwada n'kuika kamlomo ka makina ake pa mng'alu paja, pafupi ndi mutu wa mwana. Kulira kuja kwa ti-ti-ti kunasanduka mluzu umodzi wosadukiza.

Ndinamunyamula mwanayo. Anali wofunda, akupuma, koma khosi linali lendelende. Ndinamugwedeza, ndinamutsina patsaya. Anatsekula maso pang'ono ngati munthu woledzera, n'kutsekanso.

"Amayi," anatero Mildred, "mwanayu sakugona chifukwa cha maliro. Mpweya umenewu ndi wolemera, umakhala pansi. Inu mukakhala tsonga mumapuma pang'ono. Iye wakhala akupuma wonse."

Tasibi inagwa pamkeka.

Makina aja anapitiriza kulira. Kenako panamveka mawu a a Nasoro. Anali ataima pakhomo lakunja, atafulatira, nkhope kuyang'ana kumsewu.

"Alamu, ndikhululukireni, ndilankhula. Eda siletsa munthu kuthawa ngozi. Nyumba ikakhala yoopsa, mkazi amakamalizira kwina, ndipo eda yake imakhala yonse. Ashehe aliyense angakuuzeni zimenezo. Mukanafunsa."

"Ndikanafunsa ndani?" anatero amayi Hajira, osakweza mawu. "Nonse mumalankhulira pakhonde."

A Nasoro anangoweramitsa mutu.

Mayiwo anadzuka movutika, atagwira khoma, chizungulire chikuwatenga. Anatambasula manja, ine n'kuwapatsa mwanayo. Anamubereka kumsana ndi nsalu yomwe anafunda, kukoka mpango kumaso, n'kuyenda mpaka pachitseko. Pamenepo anaima. Kunja kunali kuwala kwambiri, ndipo antchito a Pearson anali atasonkhana pageti kudzaonerera.

"Pearson!" ndinakuwa. "Chotsa anthu akowo, atembenuke onse! Ndipo bweretsa galimoto ya kampani, tikupita kuchipatala."

Anatembenuka onse, ngakhale mlonda wondilanda foni uja. Amayi Hajira anatsika pakhonde opanda nsapato, anadutsa pabwalo, n'kutuluka pageti osacheuka.

M'galimoto ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi iwo, Mildred kutsogolo. Mawindo tinatsitsa onse. Mildred anali ataimbira kale bwana wake kuti asayerekeze kusayina chilichonse mawa, ndipo a Nasoro anali atapita kukatenga makiyi a ku Kanjedza kwa a Pravin. Paipi inali m'chikwama changa pamodzi ndi msomali. Zoti ndikalemba chiyani ku ofesi ndinali ndisanaganize, ndipo kunena zoona sindinkafulumira.

Amayi Hajira anamuika mwana pamiyendo, nkhope yake kuloza kumphepo. Ankangomusisita pachifuwa, milomo ikuyenda popanda mawu. Tinadutsa msika wa Limbe, tinadutsa pamene pamaima maminibasi, oitanira akumenya zitseko. Mwana ali zii.

Titafika pa raundiabauti, Aminatu anakwinya nkhope, anatsokomola, n'kuyamba kulira. Anayamba ngati kamphaka, kenako analira zenizeni, mokweza, mpaka Pearson anacheuka pa chiwongolero.

"Lira, mama," anatero agogo ake, misozi ikutsika. "Lira ndithu."

Analira njira yonse mpaka kuchipatala, ndipo panalibe amene anamutonthoza.